Msipu Wokoma Umene Umapundula Kavalo

Nkhani iyi idawerengedwa pa wailesi m'chigawo cha ulimi ndi ziweto, ndipo taisindikiza pano monga momwe idawerengedwera.

Madzulo ano tikambirana za nthenda ya ziboda imene imagwira akavalo ndi abulu, imene madokotala a ziweto amaitcha laminitis. Tonsefe tidazolowera kumva kuti chiweto chadwala chifukwa cha njala, nkhupakupa kapena madzi oipa. Nthenda ya leroyi kawirikawiri imadza ndi chakudya chochuluka ndi chokoma, ndipo amene amaiitanira m'khola ndi mwini chiweto yemwe, iye akuyesa kuti akuchitira chiweto chake chifundo. Chifukwa chake nkhani yathu ikhala ya msipu ndi chakudya, pakuti m'menemo ndi mmene muli gwero la nthendayi, ndipo m'menemonso ndi mmene muli njira yoipewera.

Tiyambe taona mmene chiboda chidapangidwira. Kavalo amayendera chala chimodzi pa mwendo uliwonse, ndipo chiboda ndicho chikhadabo cha chala chimenecho. M'kati mwa chiboda muli fupa lomalizira la mwendo. Fupa limeneli silidakhazikike pansi monga mwala ukhalira m'mphika. Lidapachikidwa ku khoma la chiboda ndi timasamba ta mnofu, topyapyala ngati tija timaoneka kunsi kwa bowa. Timasambati tilipo pafupifupi 600 m'chiboda chilichonse. Tochokera ku fupa timalowana ndi tochokera ku khoma, monga zimalowanira zala za manja awiri munthu akazipinga, ndipo kulowana kumeneko ndiko kumene kumanyamula thupi lonse la kavalo, makilogalamu 500 kapena kuposa apo.

Laminitis ikagwira, timasambati timafooka, timatamuka, ndipo timayamba kutayana. Fupa lija likasowa pogwira limapendekeka, nsonga yake n'kuloza pansi, kapena limatitimira lonse, mwinanso mpaka kuboola chiboda kunsi. Amene adazulikapo chikhadabo akudziwa ululu wake. Tsono taganizani kuti chikhadabocho chikuzuka pang'onopang'ono, inu mutaimira pomwepo usana ndi usiku, popanda pena popondera. Miyendo yakutsogolo ndiyo imavutika kwambiri, popeza imasenza pafupifupi magawo 60 pa 100 a kulemera kwa thupi.

Nthendayi imalowa m'njira zitatu. Njira yoyamba ndi ya poizoni wa m'magazi, monga pamene kavalo wathyola nkhokwe n'kudya chimanga kapena mbewu zina mopyola muyeso, kapena pamene wamkazi wabereka koma nsengwa yatsalira m'mimba n'kuola. Njira yachiwiri ndi ya kulemedwa kwa mwendo umodzi unzake utavulala. Izi n'zimene zidaonekera kavalo wotchuka wa ku America, dzina lake Barbaro, amene adapambana mpikisano wa Kentucky Derby m'chaka cha 2006. Patangopita masabata awiri adathyoka mwendo wakumbuyo wakumanja pa mpikisano wina. Madokotala adalumikiza mafupawo, koma mwendo wakumanzere, umene udatsala ukusenza katundu yense, udagwidwa ndi laminitis, ndipo mu Januwale 2007 adamupha kuti apumule ku ululu. Ndalama zinalipo, akatswiri analipo, koma chiboda chikagumuka m'kati ngakhale chuma chimalephera.

Njira yachitatu ndiyo yaikulu koposa zonse, ndipo ndiyo ya msipu. M'thupi la kavalo, monganso m'thupi la munthu, muli timadzi totchedwa insulini, timene ntchito yake ndi kuchotsa shuga m'magazi ndi kumulowetsa m'minofu. Kavalo akadya udzu wa shuga wambiri kapena mbewu za ufa, insulini amakwera. Mwa akavalo ena amakwera pang'ono n'kutsika msanga. Mwa ena amakwera mopitirira ndipo amakhalitsa pamwamba, ndipo amenewa ndiwo ali pa ngozi. Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti udzu umawononga ziboda poyamba wasasa m'matumbo. Koma m'chaka cha 2007 akatswiri a ku Australia, mmodzi wa iwo Pulofesa Chris Pollitt wa ku yunivesite ya Queensland, adathira insulini m'mitsempha ya akavalo aang'ono athanzi, shuga wa m'magazi mwawo akumusunga pa muyeso woyenera. Onse amene adalandira insulini adagwidwa ndi laminitis maola 72 asanathe. Pambuyo pake, m'chaka cha 2011, chipatala cha akavalo cha yunivesite ya Helsinki ku Finland chidapeza kuti mwa akavalo 10 aliwonse obwera ndi nthendayi, pafupifupi 9 anali ndi vuto la timadzi ta m'thupi totere. Kuyambira pamenepo funso la mwini kavalo lidasintha. Sitifunsanso chabe kuti udzu uwu ndi wotani. Timafunsanso kuti kavalo uyu ndi wotani.

Nanga ndi akavalo ati amene ali pa ngozi? Kuti timvetse, tipite ku Britain, kumene kuli mitundu ya akavalo aafupi imene eni ake amaitcha poni. Maponi a ku zilumba za Shetland, a ku mapiri a Wales, a ku Dartmoor ndi a ku Exmoor adakhala zaka mazanamazana m'malo ozizira, a mphepo ndi a udzu wokhakhala. Thupi lawo lidaphunzira kusunga kalikonse kamene lapeza: kunenepa m'miyezi yofunda, kenaka kudya mafuta omwewo m'miyezi yachisanu mpaka nthiti kuonekera. Lero poni yemweyo akukhala m'munda wothiridwa feteleza, wobzalidwa udzu wa ryegrass umene udakonzedwera ng'ombe za mkaka. M'chisanu amamufunditsa chofunda ndi kumupatsa chakudya cha m'matumba, kotero kuti nyengo yoonda siifikanso. Mafuta a chaka chino amaunjikana pa a chaka chatha. Mphatso imene idapulumutsa makolo ake ku njala ndiyo ikumupundula iye pakati pa chakudya cha mwanaalirenji. Kafukufuku wa Animal Health Trust ndi Royal Veterinary College, amene adafalitsidwa m'chaka cha 2019 atatsatira akavalo ndi maponi oposa 1,000, adaonetsa kuti pafupifupi mmodzi mwa 10 aliwonse ankagwidwa ndi laminitis pa chaka, ndiponso kuti nthendayo sidasankhe nyengo: idaoneka miyezi yonse.

Gulu lina ndi la akavalo okalamba. Pafupifupi mmodzi mwa 5 a zaka zoposa 15 amadwala nthenda ya kachiwalo ka kunsi kwa ubongo, imene ambiri amaidziwa ndi dzina loti Cushing. Chizindikiro chake chodziwika ndi ubweya wautali umene suthothoka nyengo yofunda ikafika. Nawonso ambiri a iwo insulini wawo amasokonekera. Dokotala angathe kuyeza magazi ndi kupereka mankhwala a pergolide, koma ngakhale pamenepo chakudya chiyenera kuyang'aniridwa.

Tsono mwini chiweto ayambe ndi maso ndi manja ake. Apapase nthiti: ngati zala zikufunafuna nthiti osazipeza, mafuta achuluka. Agwire pamwamba pa khosi pomera chenjerere: ngati pali linunda lolimba, ndiye chenjezo lalikulu, ngakhale thupi lina lonse lioneke lochepa. Aonenso mafuta pa tsinde la mchira, kumbuyo kwa mapewa ndi pamwamba pa maso. M'chaka cha 1983 katswiri wa ku Texas, Don Henneke, adakonza muyeso wa kunenepa woyambira 1 mpaka 9, umene ukugwirabe ntchito. Kavalo wa pa 5 ali bwino; wa pa 7 kupita m'tsogolo wanenepa mopyola. Diso la munthu woona chiweto tsiku ndi tsiku limanyengeka, motero ndi nzeru kuyeza chifuwa ndi chingwe cholembedwa manambala pa masabata awiri aliwonse, ndi kulemba zimene mwapeza m'kope.

Tabwera tsopano pa msipu weniweniwo. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo udzu wobiriwira uli chimodzimodzi. Udzu umapanga shuga ndi kuwala kwa dzuwa. Kuyambira m'mawa shugayo amanka nachuluka, n'kufika pachimake chakumadzulo. Usiku udzu umagwiritsa ntchito shuga yemweyo pokula, kotero kuti pofika m'bandakucha amakhala atachepa. Ndiye kuti munda umodzi womwewo uli ndi nkhope ziwiri pa tsiku. Kavalo wa pa ngozi, ngati aloledwa kudya msipu, ndi bwino atulutsidwe usiku kwambiri kapena m'mamawa, ndipo abwezedwe m'khola dzuwa lisanakwere.

Komatu lamulo limeneli lili ndi pothera pake. Usiku ukazizira kutsika pansi pa madigiri 5, udzu umaleka kukula, ndipo shuga wa dzulo amagona momwemo osagwiritsidwa ntchito. Kukacha ndi dzuwa lowala, wina amaonjezekera pamwamba. Choncho m'mawa wa chisanu wopanda mitambo ndiwo woopsa kuposa masana a tsiku la mitambo. Chilala nacho chimachita zomwezo: udzu wosowa madzi umaima kukula koma dzuwa likuupatsabe shuga, ndipo mvula ikangogwa umaphuka nsonga zanthete zimene kavalo amazimeza mosaleka.

Pali cholakwa china chofala, choganiza kuti msipu waufupi, wometedwa mpaka pansi, ulibe ngozi. Udzu wa maiko ozizira umasunga shuga wake wambiri m'tsinde, pafupi ndi nthaka, ndipo udzu wodyedwa mosapumitsa umakhala wopsinjika. N'zoona kuti pa msipu waufupi kavalo amapeza zochepa pa kuluma kulikonse, koma zochepazo ndi zotsekemera. Chimodzimodzi ziputu zotsala m'munda atangomweta udzu, ndiponso ngala za udzu zimene zayamba kubereka njere. Udzu wokhwima, wa mapesi ambiri, umene njere zake zidayoyoka kale, ndiwo umakhutitsa popanda kukweza insulini kwambiri.

Ena amati, popeza msipu ndi woopsa, tingomutulutsa poni maola ochepa. Poni ndi wochenjera kuposa pamenepo. Akazindikira kuti nthawi yake ndi yaifupi amadya mothamanga osadzutsa mutu, ndipo akatswiri ku Britain adapeza kuti m'maola atatu okha angathe kumeza chakudya chokwana pafupifupi gawo limodzi pa 100 a kulemera kwa thupi lake, poyeza udzuwo utauma. Kumeneko ndi kupyola theka la chimene poni wofunika kuonda ayenera kudya tsiku lonse. Kuchepetsa maola pakokha sikukwanira.

Oweta apeza njira zingapo zothandiza. Yoyamba ndi kadengu komangirira kukamwa, kokhala ndi kabowo pansi, kamene kamalola kavalo kudula nsonga zochepa za udzu pa nthawi imodzi. Kadengu kameneka kangachepetse udzu wodyedwa ndi magawo pafupifupi 80 pa 100. Koma kasakhale kukamwa usana ndi usiku wonse, mwini aonetsetse kuti chiweto chikutha kumwa madzi ndipo sichikunyuka khungu, ndiponso akakachotsa asasiye chiwetocho pa msipu womwewo, chifukwa chidzabweza zonse zimene chidamanidwa. Njira yachiwiri ndi kugawa munda ndi mpanda wosuntha, n'kumatsegula kachigawo kochepa tsiku lililonse. Njira yachitatu ndi kumanga mpanda wina m'kati mwa munda, kuti pakati pa mipanda iwiriyo pakhale kanjira kozungulira. Madzi amaikidwa mbali ina, udzu wouma mbali ina, mthunzi kwinanso, kotero kuti akavalo amayenda tsiku lonse koma msipu akupeza wochepa. Ndipo kavalo amene insulini wake wakwera kwambiri, kapena amene akudwala kumene, asaponde pa msipu n'komwe. Akhale pa bwalo la mchenga kapena la dothi mpaka dokotala atayezanso magazi ake.

Nanga adye chiyani? Maziko a chakudya chake akhale udzu wouma, womwetedwa utakhwima. Akatswiri amalangiza kuti shuga ndi sitachi pamodzi zisapyole magawo 10 kapena 12 pa 100. Maso sangaone zimenezi, pakuti udzu wotuwa ungathe kukhala wotsekemera kuposa wobiriwira. Kumene kuli malo oyezera, ndi bwino kutumizako chitsanzo. Kumene kulibe, udzuwo uviikidwe m'madzi ambiri kwa ola limodzi kapena maola angapo, popeza shuga amasungunuka m'madzi. M'nyengo yotentha usakhalitse m'madzimo, ungayambe kusasa. Madzi otsalawo atayidwe kumene chiweto sichingamwe. Dziwaninso kuti kuviika kumachotsa shuga wambiri mu udzu wina ndi wochepa mu udzu wina, ndipo kumakokolola ndi mchere wofunika m'thupi. Chifukwa chake chiwetocho chipatsidwe mchere wonyambita ndi kachakudya kochepa ka mavitamini ndi michere ina, kopanda manyuchi a nzimbe.

Chakudya chiyezedwe pa sikelo, osati ndi manja. Kavalo wofunika kuonda apatsidwe gawo limodzi ndi theka pa 100 a kulemera kwake tsiku lililonse. Poni wa makilogalamu 300 ndiye kuti adye makilogalamu 4.5 a chakudya chouma gwa. Ndipo popeza udzu wouma umasungabe chinyezi pang'ono, pa sikelo pakhale pafupifupi makilogalamu 5, oyezedwa usanaviikidwe. Chimanga, oats, balere, zakudya zosakaniza ndi manyuchi, buledi ndi zipatso zambirimbiri zichoke m'ndandanda. Mimba ya kavalo ndi yaing'ono ndipo idapangidwira kudya pang'onopang'ono maola pafupifupi 16 pa tsiku, choncho muyeso wa tsikuwo ugawidwe kangapo, ndipo uikidwe m'ukonde wa maso aang'ono kuti utenge nthawi. Kavalo wa mano abwino angathe kusakaniziridwa mapesi a balere, koma alowetsedwe mwapang'onopang'ono ndipo madzi akhalepo okwanira, kuopa kudzimbidwa.

Apa ndichenjeze mwamphamvu. Kuondetsa si kumana chakudya. Poni kapena bulu wonenepa akasiya kudya mwadzidzidzi, thupi lake limakhuthulira mafuta ambiri m'magazi nthawi imodzi, chiwindi n'kulephera, ndipo chiwetocho chingathe kufa m'masiku ochepa. Munthu wothawa nthenda ya ziboda asagwere m'dzenje limeneli. Kuonda koyenera ndi kwa theka la gawo kapena gawo limodzi pa 100 pa sabata, ndiye kuti kilogalamu imodzi ndi theka mpaka makilogalamu 3 kwa poni uja wa makilogalamu 300. Ntchito imeneyi ndi ya miyezi, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Ziboda zikakhala zolimba ndipo dokotala wavomera, kuyendetsa ndi kuthamangitsa chiweto masiku ambiri pa sabata kumathandiza thupi kumvera insulini. M'nyengo yozizira, kavalo wonenepa wathanzi alekedwe atenthe mafuta ake monga ankachitira makolo ake, kuti msipu watsopano umupeze ali wopepuka.

Zizindikiro za nthendayi aliyense azidziwe. Poyamba kavalo amayenda mwamanthamantha pa nthaka yolimba, amavutika kutembenuka, ndipo akaima amasinthasintha miyendo. Chiboda chimatentha, ndipo mtsempha wa kumbuyo kwa mfundo ya pamwamba pa chiboda umagunda mwamphamvu. Ikakula, amatambasulira miyendo yakutsogolo patsogolo n'kutsamira kumbuyo, kapena amangogona. Palinso zizindikiro zakachetechete zimene zimabwera ululu usanaoneke: mizere yozungulira chiboda imene imatalikirana chakuchidendene, ndi mzere woyera wa kunsi kwa chiboda umene wayamba kutambasuka. Mmisiri wosema ziboda ndiye amayamba kuziona, ndipo mawu ake asanyozedwe. Mukaona zotere chotsani chiweto pa msipu nthawi yomweyo, chiikeni pa mchenga kapena utuchi wakuya, musachikakamize kuyenda, ndipo itanani dokotala tsiku lomwelo, pakuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Dokotala ali ndi mankhwala a ululu, angathe kujambula fupa kuti aone ngati lapendekeka, ndipo masiku ano alinso ndi mankhwala otsitsa insulini amene adayamba ndi anthu odwala shuga. Koma mankhwalawo salowa m'malo mwa sikelo ndi mpanda. Chiboda chimatenga pafupifupi chaka kuti chimere chatsopano kuchokera pamwamba kufika pansi, ndipo kavalo amene adadwalapo kamodzi sachedwa kudwalanso.

Mwina ena mukuti, ife kuno akavalo ndi owerengeka, nkhaniyi ikutikhudza bwanji? Ikutikhudza kudzera mwa bulu, amene akukoka ngolo m'midzi yambiri. Makolo a bulu adachokera ku malo ouma a kumpoto chakum'mawa kwa Africa, ndipo thupi lake limatapa chakudya ngakhale m'mapesi ouma kuposa mmene kavalo angathere. Bungwe la The Donkey Sanctuary la ku Devon, limene adaliyambitsa mayi Elisabeth Svendsen m'chaka cha 1969, limalangiza kuti chakudya chachikulu cha bulu wathanzi chikhale mapesi a balere. Udzu wathu wa maiko otentha kawirikawiri susunga shuga wochuluka ngati wa ku Ulaya, ndipo bulu wogwira ntchito tsiku ndi tsiku sanenepa wamba. Ambiri vuto lawo ndi kuchepa kwa chakudya. Koma ngozi ilipo pa nthawi yokolola, pamene bulu angapeze chimanga choyanikidwa kapena thumba la madeya losatseka n'kudya mpaka kukhuta. Iliponso pamene mwini, pofuna kuthokoza bulu wake, amuthira madeya odzaza beseni nthawi imodzi, makamaka masiku amene ngolo yaima. Bulu amabisa ululu. Sabuula ndipo sagudubuka. Amangokhala chete, kugona kwambiri ndi kufupikitsa mapazi, ndipo mwini wosadziwa amamukwapula namutcha waulesi. Bulu wotere ayang'anidwe ziboda, ndipo alangizi a ziweto aitanidwe.

Pomaliza, omvera, tikumbukire mfundo izi. Dziwani chiweto chanu, ngati chili m'gulu la pa ngozi kapena ayi. Dziwani msipu wanu, kuti umasintha ndi ola, ndi kuzizira ndi chilala. Yezani chakudya, yezani chifuwa, lembani. Musamane chakudya mwadzidzidzi, ndipo musachedwe kuitana dokotala. Pakati pathu kunenepa kwa chiweto timakuyesa ulemu wa mwini wake, ndipo pa ng'ombe yopita ku msika zingakhale zoona. Koma kavalo ndi bulu moyo wawo uli m'miyendo, ndipo woweta wabwino amadziwika ndi chiweto chimene chikuponda pansi mosaopa, chaka ndi chaka, mpaka ukalamba wake.